1959 ku Southern Rhodesia: chaka chimene anthu anamangidwa mlandu usanapalamulidwe

Funso: Agogo anga aamuna, kwawo ku Ntcheu, ankagwira ntchito ku Salisbury (lero Harare) pa nthawi ya Chitaganya. M'banja mwathu amasimba kuti anamangidwa mu Febuluwale 1959, anakhala miyezi ingapo kundende ya Khami osaonekera kukhoti, kenaka anawabweza kumudzi. Kusukulu tinangophunzira za 3 Malichi basi. Kodi ku Southern Rhodesia kunachitika chiyani chaka chimenecho? Nanga zinatheka bwanji kuti ife tilandire ufulu patangopita zaka zisanu, pomwe anzathu a ku Zimbabwe anadikira mpaka 1980? Ndine wowerenga wanu, ku Lilongwe.

Yankho: Zimene amasimba m'banja mwanuzo zikugwirizana bwino ndi zimene zinalembedwa, ndipo agogo anuwo sanali okha. M'bandakucha wa pa 26 Febuluwale 1959, kutatsala masiku asanu kuti Bwanamkubwa Robert Armitage alengeze lamulo ladzidzidzi ku Nyasaland, apolisi a ku Southern Rhodesia anali kale pamakomo pa anthu ku Highfield, ku lokeshoni ya Harare yomwe lero ndi Mbare, ku Bulawayo ndi m'midzi, mndandanda wa mayina uli m'manja. Anatenga anthu pafupifupi 500. Boma la nduna yaikulu Sir Edgar Whitehead linatseka mabungwe anayi nthawi imodzi: African National Congress ya m'dzikomo, Nyasaland African Congress, ndi makongiresi awiri a ku Northern Rhodesia, ya Harry Nkumbula ndi ya Kenneth Kaunda. Mwa omangidwawo, oposa 300 anali a kongiresi ya ku Southern Rhodesia, ndipo pafupifupi 100 anali anthu akwathu, amene ankasonkha makobidi m'nthambi za Nyasaland African Congress m'matauni ndi m'migodi. James Chikerema ndi George Nyandoro anagwidwa tsiku lomwelo. Joshua Nkomo, pulezidenti wa kongiresiyo, anapulumuka chifukwa anali paulendo kunja kwa dziko.

Chodabwitsa n'chakuti ku Southern Rhodesia kunalibe chipolowe. Palibe mzungu anaphedwa, palibe tauni inayaka. Whitehead mwini wake sanabise zimenezi. Polankhula pa wailesi anati mwambo wakale wa Angerezi ndi woti boma limadikira chipolowe kapena kukhetsa magazi lisanagwire mabungwe ofuna kuligwetsa, koma boma lake silitsata mwambo umenewo. Anthu anamangidwa chifukwa cha zimene boma linkaganiza kuti mwina adzachita.

Kuti mumvetse kumene anatenga kulimba mtima kotereku, funsani kaye kuti Whitehead ankaopa ndani. Yankho la funso lanu lachiwiri lilinso pomwepo. Nyasaland linali dziko lotetezedwa ndi Britain. Bwanamkubwa wa ku Zomba anali wantchito wotumidwa kuchokera ku London, ndipo akalakwitsa, nduna yoona za maiko a atsamunda inkapanikizidwa ndi mafunso m'Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster. Southern Rhodesia inali ina. Kuyambira 1923 azungu okhazikika m'dzikomo ankadzilamulira okha. Anali ndi Nyumba ya Malamulo yawo, nduna yaikulu yawo ndi apolisi awo a British South Africa Police, ndipo pa nthawi ya Chitaganya asilikali ankalamulidwa kuchokera ku Salisbury komweko ndi boma la Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganyacho. Pa pepala Britain inali ndi mphamvu yokana malamulo osankha mtundu, koma sinakanepo lamulo lililonse poyera. Bwana wa Whitehead sanali ku London. Bwana wake anali wovota wa ku Hillside ndi ku Avondale, madera a azungu ku Bulawayo ndi ku Salisbury.

Wovota ameneyo anali ndani? Azungu anali opitirira pang'ono 200,000, pakati pa anthu akuda pafupifupi 3 miliyoni. M'Nyumba ya Malamulo ya mipando 30 munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Lamulo la chisankho silinkatchula khungu, linkangofuna malipiro, katundu ndi maphunziro zimene munthu wakuda wamba sakanazifikira, moti pa chisankho cha 1958 ovota akuda sanafike ngakhale 3,000 pakati pa ovota oposa 50,000. Anthu ambiri amaganiza kuti azunguwa anali zidzukulu za omwe anakwezera mbendera ku Fort Salisbury mu 1890. Ayi ndithu. Mu 1946 analipo pafupifupi 82,000 okha, ndiye kuti ochuluka anabwera nkhondo yachiwiri itatha, kuchokera ku Britain ndi ku South Africa. Anali omanga nyumba, amakanika, ogwira ntchito panjanji, makalaliki. Kwawo anali anthu wamba okwera basi, koma ku Salisbury anapeza nyumba ya bwalo lalikulu, galimoto, khukhi ndi mnyamata wa m'dimba. Munthu wotere ankadziwa bwino kuti malipiro ake ndi okwera chifukwa lamulo likutsekereza mmisiri wakuda amene akanagwira ntchito yomweyo. Mlimi wa fodya nayenso ankadziwa kuti famu yake yaima pa Land Apportionment Act ya 1930, yomwe inapatsa azungu pafupifupi theka la nthaka yonse, ndipo lake linali theka lachonde, loyandikira njanji ndi misika. Kwa anthu amenewa mawu oti voti ya munthu aliyense sanali nkhani ya m'mabuku. Inali nkhani ya nyumba ndi ntchito yawo.

Chaka chapitacho anali ataonetsa kale mphamvu zawo. Garfield Todd, mmishonale wa ku Dadaya wochokera ku New Zealand, anali nduna yaikulu kuyambira 1953. Sanali munthu wofewa, poti mu 1954 anatumiza asilikali kukathetsa sitalaka ya ogwira ntchito kumgodi wa malasha wa Wankie. Koma anakulitsa sukulu za anthu akuda, anakakamira kuti ovota akuda achulukeko pang'ono, ndipo anakweza malipiro otsikitsitsa a m'tauni. Zinakwanira zimenezo. Mu Januwale 1958 nduna zake zonse zinatula pansi udindo, ndipo chipani chinaitanitsa Whitehead kuchokera ku Washington kumene ankaimira Chitaganya. Whitehead atapikisana pa chisankho chapadera ku Hillside, ku Bulawayo, anagonja kwa munthu wa Dominion Party, chipani chimene chinkati ngakhale Whitehead yemweyo akulekerera anthu akuda. Pa chisankho cha dziko lonse mu Juni, United Federal Party ya Whitehead inapeza mipando 17, Dominion Party 13, ndipo chipani cha Todd sichinapeze mpando n'umodzi womwe. Wovota ankatha kulemba amene akumufuna poyamba ndi amene akumufuna kachiwiri, ndipo pa mavoti oyamba Dominion Party ndiyo inatsogola, moti Whitehead anapulumuka chifukwa cha kawerengedwe ka mavoti achiwiri. Analowa mu 1959 akudziwa kuti chimene chingamugwetse si kongiresi, koma kuoneka ngati akuiopa kongiresi.

Kongiresiyo inali isanakwanitse zaka ziwiri. Inakhazikitsidwa ku Mai Musodzi Hall pa 12 Sepitembala 1957, tsiku lomwe azungu ankakondwerera kulandidwa kwa dzikolo. Muzu wake umodzi unali City Youth League ya 1955, ndipo mmodzi mwa oyambitsa gulu limeneli anali mnyamata wa ku Karonga, Dunduzu Chisiza, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa India ku Salisbury mpaka boma linamuthamangitsa mu 1956. Zofuna za kongiresiyo zinali zaulemu kwambiri: kuthetsa tsankho, kugawa nthaka mwachilungamo, voti ya munthu aliyense, ndipo inkalandira mamembala a mtundu uliwonse. Chimene chinaopsa boma si misonkhano ya m'tauni koma kumidzi.

Kumeneko kunali Native Land Husbandry Act ya 1951, imene inayamba kukakamizidwa mwamphamvu kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1950. Amene munamva akuluakulu akusimba za malimidwe kwathu kuno mukudziwa mkwiyo wake, koma uku kunali koposa. Wantchito wa boma ankafika m'mudzi ndi zoyezera, n'kudula munda wa banja lililonse, nthawi zambiri maekala 6 kapena 8, n'kulemba dzina limodzi pa munda umodzi. Ng'ombe ankaziwerengera kudibi. Zikapyola chiwerengero chimene boma laika, mwini wake ankauzidwa kuti zotsalazo agulitse, ndipo poti aliyense ankagulitsa nthawi imodzi, mtengo unkagwa. Ng'ombe imene bambo anaisungira kuti mwana wake adzakwatirire inkapita pa mtengo wozizira. Mwamuna amene anali ku ntchito ku Bulawayo pa nthawi yogawa minda ankatha kubwerera n'kupeza alibe pake, pomwe m'tauni lamulo linkamuonabe ngati mlendo woyenda ndi chitupa. Mfumu, yomwe kale inkagawa malo, inasanduka wonyamula uthenga wa Native Commissioner, mzungu wa boma woyang'anira anthu akuda m'deralo. Nyandoro ankayenda m'midzi imeneyi n'kumatsutsana ndi akuluakulu a boma pamaso pa anthu, ndipo ananena yekha kuti lamulo limeneli ndilo linakopera kongiresi anthu ambiri kuposa wina aliyense. Boma lomwe linkalamulira mamiliyoni kudzera mwa azungu ochepa a m'maboma silikanapirira kuona anthu akusiya kumuopa Native Commissioner.

Nanga anthu a ku Nyasaland analowamo bwanji? Chuma cha Southern Rhodesia chinaima pa mapewa a alendo. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi theka la anthu akuda olembedwa ntchito anali ochokera kunja, ndipo akwathu okha anali oposa 100,000. Ena anapita pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole aulere a boma otchedwa Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete, onse akuti tikupita ku Halale. Anali m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini, panjanji. Anali ndi mipingo yawo, mabungwe a maliro, magule awo, komanso nthambi za kongiresi zimene zinkatumiza ndalama kumudzi. Dr Banda atabwerako ku msonkhano wa ku Accra mu Disembala 1958 anaima ku Salisbury n'kulankhula ku Highfield pamaso pa khamu lalikulu, ndipo boma linamuletsa kupondanso m'dzikomo. Pamene zinthu zinayamba kutentha ku Nyasaland mu Febuluwale, Armitage anapempha thandizo, ndipo Welensky anayamba kutumiza asilikali, kuphatikizapo anyamata achizungu a Royal Rhodesia Regiment. Boma la Whitehead linawerengera motere: asilikali athu akapita kumpoto, kuno kutsala ndani? Sabata yomweyo ogwira ntchito masauzande anali atanyanyala ku damu la Kariba, patangopita masiku ochepa anzawo 17 atagwa kuchokera pamwamba n'kufa, ndipo kumenekonso kunapita asilikali. Agogo anu akanatha kumangidwa chifukwa chongokhala msungichuma wa nthambi, kapena chifukwa dzina lawo linapezeka m'buku la osonkha.

Itadutsa 3 Malichi, ndende za ku Southern Rhodesia zinalandiranso omangidwa a ku Nyasaland amene anabwera pa ndege. Dr Banda, Masauko Chipembere ndi abale a Chisiza anatsekeredwa ku Gwelo. Orton Chirwa, David Rubadiri, Willie Chokani ndi Augustine Bwanausi anali ku Khami, kunja kwa Bulawayo, komwe kunali agogo anu. Kunalinso mnyamata wasukulu wa ku Inyati, wokulira ku Que Que, dzina lake Aleke Banda, amene anamangidwa ndi boma la Whitehead n'kuthamangitsidwira ku Nyasaland, dziko la makolo ake. Kubweza munthu kwawo inali njira yachidule imene boma linkachotsera alendo amene silikuwafuna. Ngati mukufuna kufufuza dzina la agogo, yambani ndi National Archives of Zimbabwe ku Harare ndi malo osungira zakale a boma ku Zomba, ndipo mutenge mayina onse amene ankagwiritsa ntchito, chifukwa ambiri dzina la pa chitupa silinali la kumudzi.

Ambiri mwa omangidwa pa 26 Febuluwale anatulutsidwa patapita masabata kapena miyezi, ndipo lamulo ladzidzidzilo linatha mu Meyi. Koma apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa chimene chinasintha dzikolo si kumangako, koma malamulo amene anapangidwa anthu ali m'ndende. Unlawful Organisations Act inatseka makongiresi aja mpaka kalekale, inapatsa boma mphamvu yotseka bungwe lina lililonse, ndipo inatembenuza mwambo wa khoti: wopezeka pa msonkhano kapena ndi pepala la bungwe lotsekedwa ankatengedwa ngati membala mpaka iye mwini atsimikize kuti si membala. Preventive Detention Act inalola kusunga munthu mpaka zaka zisanu osamuzenga mlandu. Native Affairs Amendment Act inaletsa msonkhano wa anthu oposa 12 m'madera a anthu akuda popanda chilolezo cha Native Commissioner, ndipo kunena mawu onyozetsa wantchito wa boma kapena mfumu kunakhala mlandu. Ndale za kumidzi zinatsekedwa ndi lamulo limodzi limenelo. Zimene zinayamba ngati zadzidzidzi zinalowa m'buku la malamulo a tsiku ndi tsiku.

Si azungu onse anakhala chete, ndipo ndi bwino kuwatchula. Bilu yoyamba ya kutsekera anthu popanda mlandu inadzudzulidwa ndi maloya a ku Salisbury ndi atsogoleri a mipingo, moti boma linaichotsa n'kubweretsa ina yokhala ndi bwalo loona madandaulo a otsekeredwa. Ku University College of Rhodesia and Nyasaland aphunzitsi Terence Ranger ndi John Reed, pamodzi ndi mbusa Whitfield Foy, anayamba kanyuzi kotchedwa Dissent kotsutsa malamulowo. Guy Clutton-Brock wa ku St Faith's Mission pafupi ndi Rusape, mzungu yemwe anathandiza kulemba mfundo za kongiresi, anamangidwa pamodzi ndi anzake akuda, ndipo anakana kugula ufulu wake posamuka m'dzikomo. Todd ndi anzake anayambitsa Central Africa Party, imene anthu akuda ophunzira ambiri analowa poti kunalibenso kwina kolowera. Kulimba mtima kwawo n'kosakayikitsa. Koma analibe mavoti, ndipo m'dziko limenelo mzungu wopanda mavoti a azungu anzake ankangotha kulankhula. Bwalo loona madandaulo lija, lotsogozedwa ndi Jaji Hugh Beadle, linamva nkhani zambiri mseri, linalandira umboni wa akazitape amene omangidwa sanaloledwe kuwaona, ndipo pomaliza linagwirizana ndi boma. Amene anaimira otsekeredwawo anali Herbert Chitepo, loya woyamba wakuda m'dzikomo, munthu amene boma linachita kusintha lamulo la nthaka kuti apeze ofesi pakati pa Salisbury. Chikerema ndi Nyandoro anakhala m'ndende ndi ku malo oletsedwa kutuluka a ku Gokwe mpaka 1963.

Whitehead sanali kudziona ngati wankhanza. Anali munthu wophunzira ku Oxford, wosakwatira, wovutika maso ndi makutu, wodziwa za chuma, ndipo ankakhulupirira kuti akachotsa amene ankawatcha osokoneza, adzakopa aphunzitsi, makalaliki ndi amalonda akuda kuti alowe m'chipani chake. N'chifukwa chake chaka chomwecho munali zosintha zina. Makomo osiyana a azungu ndi akuda m'mapositi ofesi anathetsedwa. Mahotela ena, monga Jameson ku Salisbury, analoledwa kulandira anthu a mitundu yonse. Industrial Conciliation Act yatsopano inavomereza munthu wakuda kukhala wantchito pamaso pa lamulo ndi kulowa mabungwe a antchito, ngakhale inasiya kunja ogwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba, amene anali ochuluka zedi ndipo ambiri anali akwathu. M'boma la Chitaganya Jasper Savanhu anapatsidwa udindo wothandizira nduna, munthu wakuda woyamba kufika pamenepo. Zonsezi zinkatchedwa mgwirizano wa mitundu. Koma anthu anali asanaiwale zimene zinkamveka kuti Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Chitaganya, ananena, zoti mgwirizanowo ndi wa kavalo ndi womukwera. Palibe chosintha chilichonse chinakhudza nthaka kapena voti, ndipo anthu ankalira ziwiri zomwezo.

Mukatsegula nyuzi za azungu za miyezi imeneyo mupezamo nkhani ina imene inawagwira mtima kwambiri. Khoma la Kariba litatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi anayamba kukwera, ndipo nyama zakutchire zinatsekerezedwa pa tizilumba. Rupert Fothergill ndi gulu lake la oyang'anira nyama anayamba kuzipulumutsa pa mabwato, ntchito imene inatchedwa Operation Noah. Zithunzi za agwape atamangidwa miyendo, njiri, ngakhale zipembere zikukokedwa pa ziphaka, zinafika mpaka ku London. Anthu anasonkha ndalama, ndipo amayi anatumiza masokosi awo akale a nayiloni kuti zingwe zisamacheke miyendo ya nyama. Inali ntchito yabwino, ndipo inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000. Koma madzi omwewo anali atasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi, kuwakweza pa malole kuchoka pa minda ya m'mphepete mwa mtsinje imene ankakolola kawiri pachaka, kupita ku nthaka youma, manda a makolo atatsala pansi pa madzi. Mu Sepitembala 1958 apolisi a ku Northern Rhodesia anapha anthu asanu ndi atatu ku Gwembe amene ankakana kusamuka. Anthu amenewa sanapeze chifundo chimene agwape anapeza. Ndimaiona nkhani imeneyi ngati chithunzi cholondola cha moyo wa m'dziko la azungu okhazikika: sanali anthu opanda mtima, koma dziko lawo linakonzedwa mwa njira yoti munthu akanatha kukhala zaka makumi awiri ku Salisbury osalowako ku Highfield, osadziwa dzina lenileni la womuphikira, ndipo n'kumakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu akuda ndi okhutira, kungoti akusokonezedwa ndi alendo a ku Nyasaland ndi a ku Accra.

Tsopano yerekezani ndi zimene zinachitika kwathu. Ku Nyasaland kunafa anthu oposa 50, ndipo 20 mwa iwo, malinga ndi chiwerengero cha boma, anawomberedwa padoko la Nkhata Bay ndi asilikali achizungu a ku Southern Rhodesia. Tsiku lomwelo la 3 Malichi, ku kampu ya Hola ku Kenya, omangidwa 11 anamenyedwa mpaka kufa. Nkhani ziwirizi zinagwedeza Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ndipo boma la Harold Macmillan linatumiza Jaji Patrick Devlin kudzafufuza za Nyasaland. Lipoti lake litatuluka mu Julayi linati, ngakhale kulengeza lamulo ladzidzidzi kunali ndi chifukwa, panalibe umboni wa chiwembu chokonzedwa chopha azungu onse monga boma linkanenera, kuti anthu pafupifupi onse ankadana ndi Chitaganya, ndipo kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linakana mbali zina za lipotilo, koma mawu anali atatuluka. Chisankho cha mu Okutobala chitatha, Iain Macleod anakhala nduna yoona za maiko a atsamunda, ndipo anaganiza zomasula Dr Banda. Orton Chirwa anali atatuluka kale ku Khami, ndipo pa 30 Sepitembala iye ndi Aleke Banda ndi anzawo anayambitsa Malawi Congress Party.

Devlin ndi anzake anafika mpaka ku Southern Rhodesia kudzamva mawu a omangidwa a ku Nyasaland. M'dziko lomwelo, ena m'ndende yomweyo ya Khami, munali anthu omangidwa ndi boma la Whitehead, ndipo za amenewo Devlin analibe mphamvu yofunsa kanthu. Anthu awiri ochokera mudzi umodzi ku Ntcheu akanatha kukhala m'zipinda zoyandikana, wina womangidwa ku Blantyre, amene nkhani yake inkakambidwa ku Westminster, wina womangidwa ku Highfield, amene nkhani yake inathera pa tebulo la Jaji Beadle. Phungu wina wa chipani cha Labour, John Stonehouse, atalankhula pa msonkhano wa kongiresi ku Salisbury mu Febuluwale, boma la Welensky linamulengeza kuti ndi mlendo wosafunika n'kumukweza ndege, ngakhale anali phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dziko lomwe linkati ndi mwini wa Chitaganyacho. Ku Nyasaland azungu anali osakwana 10,000, ambiri mwa iwo antchito a boma, amishoni ndi a m'minda ya tiyi, ndipo Britain itaona kuti kukhalabe kukufuna mfuti zambiri, inatha kunena kuti basi tikupita. Ku Southern Rhodesia wolamulira analibe ulendo wopita kulikonse. Anali ndi famu, ngongole ya nyumba, ana kusukulu, voti ndi mfuti. Sikuti a ku Zimbabwe anali ofooka kuposa ife, kapena kuti atsogoleri athu anali anzeru kuposa awo. Ife tinkalimbana ndi boma lomwe likanatha kuchita manyazi ndi kuwerengera mtengo. Iwo ankalimbana ndi anthu amene mtengo uliwonse unkaoneka wochepa poyerekeza ndi kutaya dzikolo.

Chimene chimandipweteka ndikamawerenga za chakachi n'chakuti malamulo aja sanapangidwe ndi Ian Smith. Mu 1959 Smith anali phungu wa United Federal Party, chipani chomwecho cha Welensky ndi Whitehead, m'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya, ndipo Robert Mugabe anali mphunzitsi ku Ghana. Amene anatseka njira ya ndale zamtendere anali boma lomwe linkadzitcha lapakatikati, pofuna kusangalatsa ovota amene pomaliza pake analikanabe. Kongiresi imene inatsekedwa inali yofatsa kuposa chipani chilichonse chimene chinabwera pambuyo pake, ndipo anyamata amene anaona atsogoleri awo akutengedwa usiku popanda mlandu anaphunzirapo kanthu.

Pa 1 Januwale 1960 Michael Mawema, Morton Malianga, Enos Nkala, Sketchley Samkange ndi anzawo anakhazikitsa National Democratic Party, yomwe inafuna poyera ulamuliro wa anthu ochuluka. Pa 1 Epulo Dr Banda anatuluka ku Gwelo n'kukwera ndege kukakumana ndi Macleod ku Zomba. Mu Julayi, boma litamanga atsogoleri a chipani chatsopanocho, Salisbury ndi Bulawayo zinaphulika, ndipo ku Bulawayo anthu oposa 10 anaphedwa. Whitehead anayankha ndi Law and Order Maintenance Act, lamulo loopsa kwambiri moti Sir Robert Tredgold, mkulu wa majaji a Chitaganya, anatula pansi udindo polikana. Mu Disembala 1962 ovota achizungu anamuchotsa Whitehead n'kuika Rhodesian Front, imene inapeza zida zonse zili kale m'buku la malamulo, ndipo pa 11 Novembala 1965 Smith analengeza ufulu wa azungu popanda chilolezo cha Britain. Lamulo ladzidzidzi limene linalengezedwa mwezi umenewo linakhalapo mpaka 1990, patatha zaka khumi Zimbabwe ili paufulu, ndipo Law and Order Maintenance Act inagwirabe ntchito mpaka 2002, pamene boma la Mugabe linaikapo Public Order and Security Act m'malo mwake.